Uthenga ulipo koma sukupezeka: chomwe chikutidyera bandulo ndi ndalama ya minibasi

Mwezi watha achemwali anga anaganiza zotsegula kasaluni kawo. Malo anapeza, galasi ndi mipando iwiri anagula, chotsala chinali pepala lovomereza bizinesi kuti tsiku lina asadzapeze loko wa eni tauni pachitseko. Mafunso awo anali atatu basi: ndipite ndi chiyani, ndikalipira zingati, ndikagogode chitseko chiti? Poti kwathu ine ndi amene amanditcha "wa makompyuta", chifukwa ndinapondako ku yunivesite zaka ziwiri fizi isanandibweze, ntchito inagwera ine.

Ndinatsegula webusaiti ya ofesi yake, dzina sinditchula. Choyamba kutuluka chinali chithunzi chachikulu cha akuluakulu akudula riboni, ndipo chinayamba chadya kaye bandulo chisanaoneke chonse. Pansi pake panali mawu a malonje ochokera kwa bwana wamkulu, kenako masomphenya a ofesiyo. M'mbali munali mndandanda wa madipatimenti. Ndinalowa dipatimenti yoyamba, ndinapeza mbiri yake. Yachiwiri, ndinapeza mayina a maudindo. Patadutsa mphindi ngati 40 ndinakapeza chomwe ndinkafuna pamalo olembedwa "Downloads", m'fayilo ya PDF yomwe dzina lake linali manambala okhaokha. Linali pepala lojambulidwa mopendama, lopanda deti.

Achemwali ananyamuka ndi zomwe ndinawalembera. Atafika anauzidwa kuti mitengo ija ndi yakale, fomu inasintha, ndipo amene amadziwa bwino za nkhaniyi watuluka, abwere mawa. Panja anakumana ndi mnyamata wina waulemu wake amene anati, "Mayi, musavutike, ingondipatsani ya fanta ndikuyendetsereni." Anapereka. Madzulo anandiimbira foni: "Iwe, si paja umati masiku ano zonse zili pa intaneti?"

Sindinaname ayi, zinalipo ndithu. Koma uthenga umene munthu sangaupeze pa nthawi imene akuufuna sukusiyana ndi uthenga umene kulibe. Ambiri tikalephera kupeza chinthu pa webusaiti timadziimba mlandu tokha, kuti mwina foni yanga ndi yachikale, mwina Chingerezi chandilaka. Nthawi zambiri vuto si inu. Vuto ndi mmene zinthuzo anazisanjira, ndipo vuto limeneli lili ndi dzina komanso mankhwala.

Dzina la vutoli

Akatswiri amalitcha information architecture. Mawuwo akumveka olemera koma tanthauzo lake ndi lapafupi: kasanjidwe ka uthenga, kuti chinthu chakutichakuti chikhale pati, chitchedwe dzina lanji, ndipo munthu achipeze bwanji.

Taganizirani depoti ya minibasi mu Limbe. Olo munthu atabwera koyamba kuchokera ku Mulanje, sasochera kwambiri. Pa galasi la minibasi pali bolodi lolembedwa Bangwe, lina Ndirande, lina Zomba, ndipo oitanira akukuwa mayina omwewo. Tsopano tayerekezani kuti mawa madalaivala onse agwirizana kuti pa bolodi azilembapo dzina la mwini galimoto. Minibasi zonse zilipo, mafuta alimo, mipando ilipo, koma inu mwaima pakati pa depoti osadziwa yokwera. Pasanathe sabata pangabadwe ntchito yatsopano: anyamata oima pageti n'kumakulipiritsani kuti akuuzeni kuti minibasi ya a Uje ndi imene ikupita ku Bangwe. Mawebusaiti ambiri a maofesi ali ngati depoti yachiwiriyi. Amalemba dzina la mwini ntchito m'malo molemba kumene munthu akupita.

Amene anatchukitsa mawu akuti information architecture ndi Richard Saul Wurman, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku America, mu 1976. Ndi yemweyonso amene anayambitsa nawo misonkhano ya TED mu 1984, ija timaonera pa YouTube. Maganizo ake anali akuti uthenga umafunika pulani ngati nyumba: khomo lidziwike, zipinda zikhale m'malo mwake. Intaneti itafala, Louis Rosenfeld ndi Peter Morville, omwe anaphunzira ntchito ya mulaibulale, analemba buku mu 1998 lotchedwa Information Architecture for the World Wide Web. Iwo anagawa nkhaniyi m'zinthu zinayi.

Choyamba ndi kusanja: zinthu ziikidwe m'magulu motengera chiyani? Mumsika timasanja motengera katundu, nsomba kwake, tomato kwake, kaunjika kwake. Chachiwiri ndi mayina: gulu lililonse litchedwe mawu amene wobwerayo akuwadziwa. Chachitatu ndi njira: munthu adziwe pamene ali, kumene angapite, ndi mmene angabwerere. Chachinayi ndi kusaka: kabokosi kolembamo mawu kaja kagwire ntchito, ndipo kazimva mawu amene anthu amalembadi.

Mnzake wa information architecture ndi usability, kutanthauza kuphweka kwa chinthu pochigwiritsa ntchito. Kodi munthu wobwera koyamba akwanitsa zomwe wadzera? Zimutengera nthawi yaitali bwanji? Akalakwitsa, abwereranso pa njira mosavuta? Webusaiti ikhoza kukhala yokongola ngati keke ya ukwati koma n'kulephera mafunso onsewa.

Kusanja kwa ofesi ndi kusanja kwa munthu

Chifukwa chiyani maofesi amasanja motengera madipatimenti? Si nkhanza ayi. Munthu amene wagwira ntchito pamalo zaka 10 amaona dziko kudzera m'zitseko za ofesi yake. Kwa iye n'zachidziwikire kuti nkhani ya layisensi ili m'manja mwa dipatimenti yakuti, ya malo ili kwa akuti. Akamapanga webusaiti, dipatimenti iliyonse imafuna ngodya yake, ndipo bwana amafuna chithunzi chake pamwamba. Chotulukapo ndi mapu a ofesi. Koma achemwali anga sankafuna mapu a ofesi. Ankafuna kutsegula saluni.

Vutoli si la kuno kokha. Dziko la Britain linali nalo lalikulu, mawebusaiti a boma ambirimbiri, unduna uliwonse ndi yake, uthenga umodzi wolembedwa mosiyana m'malo angapo. Mu 2010 mayi wina wodziwika pa bizinesi za pa intaneti, Martha Lane Fox, analembera boma lipoti lolangiza kuti zonse zipite pa khomo limodzi. Mu October 2012 anatsegula GOV.UK, yomwe inalowa m'malo mwa mawebusaiti awiri akuluakulu, Directgov ndi Business Link, kenako maunduna anasamukira komweko. Lamulo loyamba la gulu lomwe linaipanga linali lakuti ayambire pa zosowa za munthu wogwiritsa ntchito, osati za boma. Ukatsegula tsambalo supeza chithunzi cha nduna. Umapeza kabokosi kosakira ndi mitu ya zinthu zimene anthu amadzera: za galimoto, za pasipoti, za msonkho, za kubadwa ndi imfa, za ntchito. Olemba ake amauzidwa kuti alembe Chingerezi chosavuta, choti ngakhale mwana wa zaka 9 amve. Mu 2013 webusaiti imeneyi, yopanda zokongoletsa n'komwe, inapata mphoto ya Design of the Year ya Design Museum ku London.

Kuno ku Africa, Kenya inatsegula eCitizen mu 2014 ndi maganizo ofanana: khomo limodzi lofunsira ntchito zosiyanasiyana za boma n'kulipira pa foni. Sindikunena kuti kumeneko zonse zili myaa. Ndikungoonetsa kuti funso loyamba ndi lomwelo kulikonse: munthu wabwera kudzatani? Funso limeneli silifuna ndalama za madona. Limafuna kuti wina akhale pansi alembe zinthu 10 zimene anthu amafunsa kwambiri pa kauntala, n'kuziika pamwamba pa tsamba m'mawu amene anthuwo amalankhula.

Pa foni sitiwerenga, timathamangitsa maso

Mu 1997 Jakob Nielsen, katswiri wa usability wochokera ku Denmark, anafalitsa zotsatira za kafukufuku woona mmene anthu amawerengera pa intaneti. Anapeza kuti anthu 79 mwa 100 alionse ankangothamangitsa maso pa tsamba, ndipo 16 okha ndi amene ankawerenga liwu ndi liwu. Mu 2006 kampani yake, Nielsen Norman Group, inagwiritsa ntchito makamera otsata maso ndipo inaona kuti maso a anthu ambiri amayenda mojambula chilembo cha F: mzere woyamba amauwerenga, wachiwiri theka, kenako amangotsika m'mbali kuyang'ana mawu oyamba a mzere uliwonse. Inunso mwina nkhani ino mukuiwerenga choncho, ndipo sindikukwiyirani.

Tanthauzo lake ndi lakuti yankho likabisika m'ndime yachisanu, kumbuyo kwa malonje ndi masomphenya, anthu ambiri salifika. N'chifukwa chake Steve Krug anatcha buku lake la mu 2000 kuti Don't Make Me Think, kunena kuti tsamba labwino lisamuimitse munthu kuti aganize kaye kuti batani ili likutanthauza chiyani.

Palinso zomwe anapeza Peter Pirolli ndi Stuart Card ku Xerox PARC m'zaka za m'ma 1990. Iwo anati munthu wosaka uthenga amachita ngati nyama yosaka chakudya, amatsata fungo. Linki yolembedwa "Mmene mungapezere layisensi ya bizinesi" ili ndi fungo lamphamvu, mukudziwa kuti mukadina mupeza chiyani. Linki yolembedwa "Downloads", "Resources" kapena "Dinani apa" ilibe fungo lililonse. Fungo likatha, munthu amabwerera. Kwathu kuno akabwerera amapita kukafunsa pa gulupu ya WhatsApp, komwe amayankhidwa ndi aliyense amene ali ndi bandulo tsiku limenelo.

Tsono onjezanipo za kwathu. Ambiri timalowa pa intaneti ndi foni, osati laputopu. Ambirinso timagula mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha chifukwa ndi otchipa, ndiye kutsegula webusaiti kumafuna bandulo ina. Munthu akadzimana n'kugula, ndiye n'kupeza chithunzi cholemera ndi PDF ya masamba 30, wabetsa. Choipa kwambiri ndi chizolowezi chojambula chikalata chodindidwa n'kuchiponya pa intaneti ngati chithunzi. Kwa ife ndi mawu, koma kwa kompyuta ndi chithunzi basi, chimodzimodzi ndi chithunzi cha mbuzi. Mukasaka liwu lomwe lili m'chikalatacho pa webusaitiyo kapena pa WhatsApp, nthawi zambiri silituluka. Simungakopere nambala ya akaunti, muyenera kuilemba pamanja, ndipo mukaphonya nambala imodzi ndalama yapita kwina. Anzathu osaona, amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yowawerengera mokweza zomwe zili pa sikirini, chikalata chotere sachimva n'komwe. Malamulo a W3C, bungwe loona miyezo ya webu, akhala akunena kuyambira 1999 kuti chithunzi chilichonse chonyamula uthenga chizikhala ndi mawu olembedwa ofotokoza zomwezo.

"Amene amadziwa watuluka, mubwere mawa"

Tsopano tilowe mkati mwa ofesi, chifukwa webusaiti yosokonekera nthawi zambiri imangoonetsa chisokonezo chomwe chili kuseri kwa kauntala.

Mu 1959 Peter Drucker, wolemba za kayendetsedwe ka makampani, anayamba kukamba za knowledge work, ntchito imene chida chake chachikulu ndi zomwe munthu akudziwa. Kalaliki, mlembi wa sukulu, wowerengera ndalama, mtolankhani, ngakhale ine wolemba pa blog, tonse katundu wathu ndi uthenga. Kalipentala macheka ake akasowa, ntchito yaima ndipo aliyense akuona. Koma kalaliki akatha ola lathunthu akusaka fomu yatsopano m'kompyuta, palibe amaona kuti ntchito yaima. Amangooneka wotanganidwa.

Mwina simukudziwa kuti webu yeniyeniyo inabadwa chifukwa cha vuto lomweli. Mu March 1989 Tim Berners-Lee ankagwira ntchito ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva. Analembera mabwana ake chikalata chotchedwa Information Management: A Proposal. Dandaulo lake linali lakuti anthu ku CERN ankabwera n'kuchoka, ambiri atakhala zaka ziwiri zokha, ndipo akamachoka ankapita ndi zomwe ankadziwa. Uthenga unkatayika, ndipo wobwera kumene ankadalira kufunsa m'makhonde. Njira yomwe anaganiza, yolumikiza zolemba ndi malinki kuti aliyense azipeze, ndi imene inadzakhala World Wide Web. Ndiye taonani, chida chomwe chinapangidwa kuti uthenga usamathere m'mutu mwa munthu mmodzi, ife tikuchigwiritsa ntchito koma tikuuzanabe kuti amene amadziwa ali ku maliro.

Masiku ano maofesi ambiri ang'onoang'ono, mabungwe a achinyamata, makwaya, mabanki m'khonde ndi makomiti a m'madera amayendera gulupu ya WhatsApp. Potumiza uthenga mwachangu WhatsApp ilibe mnzake. Koma ndi mtsinje, si shelefu. Chomwe mwaponya m'mawa, pofika madzulo chakokoloka ndi mauthenga 200, mavesi, masitika ndi "mwadzuka bwanji nonse". Malamulo a gulu, ndondomeko ya ndalama, fomu yofunsira tchuthi, zonse zimayandama limodzi ndi nthabwala. Wolowa gulupu lero kawirikawiri sapeza zomwe zinakambidwa chaka chatha. Foni ya mlembi ikabedwa, mbiri ya bungwe yapita nayo.

Ndiye pali nkhani ya mayina a mafayilo. Tonse tinaionapo: "lipoti final", "lipoti final 2", "lipoti final yeniyeni", "lipoti final yokonza abwana". Pakatha miyezi itatu palibe akudziwa yomwe inatumizidwa. Umu ndi mmene mitengo yakale imakhalirabe pa webusaiti chaka chonse. Amene anaiika anasamutsidwa, pasiwedi anapita nayo, ndipo palibe amene anapatsidwa udindo woti tsambalo ndi lake.

Amene amadyerera chisokonezo

Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya makompyuta n'kukhala ya m'thumba. Uthenga ukavuta kupeza, umasanduka malonda. Madobadoba amene timawapeza kunja kwa maofesi katundu wawo wamkulu ndi mayankho a mafunso atatu aja a achemwali anga: pafunika chiyani, ndi zingati, chitseko chiti. Mayankhowo akanakhala pa tsamba limodzi lomveka, lokhala ndi deti, komanso atamatidwa pakhoma panja, msika wawo ukanachepa. Munthu amene akudziwa mtengo weniweni ndi wovuta kumubera.

Chimodzimodzi ndi zotsatsa ntchito zabodza zomwe zimazungulira m'magulupu. Chikalata chili ndi chizindikiro cha bungwe, sitampa ilipo, pansi akuti tumizani ndalama ya fomu pa nambala iyi. Wachinyamata amene wakhala zaka zitatu akusaka ntchito amafuna kutsimikiza, amatsegula webusaiti ya bungwelo, n'kupeza kuti tsamba la ntchito linasinthidwa komaliza kalekale. Ndiye atsimikiza kuti? Pamene chenicheni nachonso chimabwera ngati chithunzi chopendama chopanda linki, chabodza ndi chenicheni zimafanana nkhope. Akuba sachita kuvutika.

Komanso tisaiwale kuti kupeza uthenga ndi ufulu, si chifundo cha bwana. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Access to Information mu December 2016, linasainidwa mu 2017, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lamuloli limafuna kuti maofesi akhale ndi munthu woona zopereka uthenga, komanso kuti uthenga wina aziutulutsa okha osadikira kufunsidwa. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene linapatsidwa udindo woyang'anira kuti likutsatidwa. Koma ofesi ikhoza kunena kuti "tinatulutsa" pamene inakwirira chikalatacho pansi pa "Downloads". Pa pepala lamulo latsatidwa, koma mayi wa saluni walipirabe ya fanta.

Zomwe zingakonzedwe popanda bajeti

Ambiri mwa inu ndinu ma admin a magulupu, mumayendetsa peji ya Facebook ya tchalitchi, ya mzikiti, ya timu ya mpira kapena ya bizinesi yanu, ndipo ena muli pa internship m'maofesi momwe mwapatsidwa webusaiti chifukwa ndinu wamng'ono pa onse. Nazi zinthu zomwe mungayambe sabata ino.

Yambani ndi mafunso a anthu. Khalani pa kauntala masiku awiri, kapena werengani inbox ya peji yanu, mulembe funso lililonse lomwe labwera. Mupeza kuti mafunso ochepa ndi amene akubwerezedwabwerezedwa. Amenewo ndi amene akhale pamwamba, aliyense ndi yankho lake lathunthu: zofunika kubweretsa, mtengo, malo, nthawi yotsegula, ndi masiku amene zimatenga.

Sanjani ndi makadi. Njira imeneyi akatswiri amaitcha card sorting ndipo imafuna mapepala ndi bolopeni basi. Lembani chinthu chilichonse chomwe ofesi imachita pa kapepala kake. Perekani mulu wonse kwa munthu wakunja, mwina wakabaza, mayi wogulitsa mandasi kapena mwana wa Fomu 4, mumuuze aike pamodzi zomwe akuona kuti zimayendera limodzi, ndipo gulu lililonse alitche dzina. Chitani ndi anthu angapo. Magulu ndi mayina amene akubwerezedwa ndiwo mitu ya webusaiti yanu. Mudzadabwa kuti palibe amene adzatche gulu lake "Directorate".

Yesani ndi anthu asanu. Mu 2000 Nielsen analemba kuti kuyesa tsamba ndi anthu asanu okha kumaulula pafupifupi 85 peresenti ya mavuto ake. Mpatseni munthu foni yake yomwe, osati laputopu ya ofesi, mumuuze kuti "pezani mtengo wa layisensi ya saluni", inu n'kukhala chete. Osamuthandiza, osamulozera. Pamene waima n'kukanda mutu, lembani. Paja akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: zomwe inu munazolowera mpaka kusiya kuziona, iye aziona mphindi yoyamba.

Lembani mawu, osangoponya chithunzi. Ngati chikalata cha sitampa chikufunika kuti anthu akhulupirire, chiikeni, koma mawu ake muwalembenso pansi pake kuti munthu athe kusaka, kukopera, ndi kuwerenga pa foni yaing'ono. Yankho likhale mu mzere woyamba, malonje abwere pambuyo ngati akufunikadi. Ndipo ngati anthu anu amafunsa m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, bwanji mukuwayankha m'Chingerezi cha m'malipoti?

Chilichonse chikhale ndi deti ndi mwini wake. Pansi pa tsamba lililonse palembedwe tsiku lomwe linakonzedwa komaliza ndi ofesi yofunsako. Mkati mwa bungwe, tsamba lililonse likhale ndi munthu amene akudziwa kuti mtengo ukasintha, kukonza ndi ntchito yake. Chakale chichotsedwe. Uthenga wakale ndi woopsa kuposa tsamba lopanda kanthu, chifukwa munthu amaukhulupirira n'kukwera minibasi.

Patsani mafayilo mayina olankhula. Yambani ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako nkhani yake, mwachitsanzo 2025-03-14 mitengo ya malayisensi. Mukatero kompyuta imawasanja yokha kuyambira akale mpaka atsopano, ndipo mawu akuti "final" simudzawafunanso.

Pa WhatsApp, siyanitsani mtsinje ndi shelefu. Zokambirana zipitirire m'gulupu, koma zinthu zokhalitsa monga malamulo, manambala a akaunti ndi mafomu zikhale pamalo amodzi, kaya ndi foda ya Google Drive kaya chikalata chimodzi, ndipo linki yake muiike pa description ya gulupu. Kupina uthenga kumathandiza, koma pa WhatsApp pini imakhalapo masiku osapitirira 30, pamene description imakhalapo mpaka mutaisintha. Pasiwedi isakhale ndi munthu mmodzi yekha.

Nanga ife ongofuna uthengawo?

Pamene tikudikira kuti maofesi asinthe, tidziteteze. Chikalata chilichonse chikakupezani pa gulupu, yang'anani deti kaye. Funsani amene watumiza kuti wachitenga kuti, ndipo ngati yankho ndi lakuti "nanenso anangonditumizira", chitengeni ngati mphekesera. Mawebusaiti a boma la Malawi ambiri amathera ndi .gov.mw, ndiye adiresi yachilendo ikuchenjezeni. Ntchito yofuna kuti mulipire kaye pa nambala ya munthu musanaitanidwe n'komwe ku intavyu, ithaweni. Mukafika pa ofesi, funsani mtengo kwa amene ali mkati ndipo mulandire lisiti. Safunsa anadya phula, koma kufunsa wolakwika nakonso kumadyetsa phula lomwelo.

Ndipo mukavutika kupeza chinthu, nenani. Lembani pa peji ya ofesiyo mwaulemu koma mosapita m'mbali: ndimafuna chakuti, ndinayang'ana apa ndi apa, sindinachipeze. Nthawi zina amene amayendetsa pejiyo ndi mnzathu wa zaka 24 amene sakudziwa n'komwe kuti anthu akusochera, chifukwa osocherawo amangochoka mwakachetechete.

Achemwali anga pepala lawo analipeza, saluni ikuyenda. Titawerengera, ulendo wa minibasi unali katatu, bandulo kawiri, kuphatikiza ya fanta ija, ndi masiku awiri amene akanakhala akuluka tsitsi. Nditawafunsa zonse zomwe anadutsamo, ndinazilemba bwinobwino: zofunika kubweretsa, mtengo, chitseko, nthawi. Zinakwana mizere isanu ndi umodzi. Ndinaika deti pamwamba n'kuwatumizira, ndipo pano akuti atumizira kale anzawo awiri amene akufuna kutsegula mashopu. Ndawauza kuti chaka chikatha aifufute, chifukwa mitengo ikadzasintha, kapepala kangako nako kadzayamba kusocheretsa anthu.